Wapansi Kuchokera pa Wenela Kukafika ku Chichiri: Zimene Misewu ya Kabula Imakumbukira

Minibasi ikaima pa Wenela m'mawa, palibe amene amakhala ndi mpata wodzutsa mutu. Kondakitala ali kalikiliki kuwerenga chenji, oitanira akulimbirana chikwama cha mayi wa ulendo wa ku Mwanza, anyamata a kabaza akuliza mahutala, ndipo wotsika aliyense dzanja lili pathumba, maso ali pansi kuopa matope. Komatu munthu atati tsiku lina asiye changu, n'kuyenda wapansi kuchokera pamenepa mpaka ku Chichiri, akhoza kuwerenga mbiri ya Malawi pazikwangwani, pazipilala ndi pamakoma a nyumba zakale. Akhozanso kuzindikira kuti mbiriyo sinadzilembe yokha. Alipo amene analamula kuti dzina lakutilakuti likhomedwe, alipo amene anadzalifufuta, ndipo nthawi zina eni mzinda anakana zonse, n'kumatchula malo momwe iwo akufunira.

Blantyre ndi mzinda wa anthu pafupifupi 800,000 malinga ndi kalembera wa 2018, koma ziboliboli za anthu otchuka sizioneka kawirikawiri m'misewu yake. Ku Lusaka kuli chiboliboli cha munthu wodula maunyolo, chokumbukira ufulu wa Zambia. Ku Harare anaimika cha Mbuya Nehanda pakati pa tauni mu 2021. Kabula, lomwe ndi dzina lina la Blantyre, amasunga anthu ake m'mayina, ndipo tsiku lomwe anafuna kupatsidwa chiboliboli pamalo oonekera, nkhani inakathera kukhoti.

Dzina la Wenela lenilenilo ndi chikumbutso, ngakhale kuti palibe mmisiri amene anachiumba. Linachokera ku Witwatersrand Native Labour Association, bungwe la eni migodi ya golide a ku South Africa lomwe linkalemba amuna ntchito kuno n'kuwatumiza ku Joni. Midzi yambiri ili ndi nkhani ya agogo amene anabwerako ndi njinga, wailesi ndi chifuwa chosapola, komanso ya ena amene anatchona osabweranso. Pa 4 Epulo 1974 ndege yonyamula anthu ochokera kumigodi inagwa itangonyamuka ku Francistown, m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi oposa 70 anafa ali paulendo wobwerera kwawo. Dr Hastings Kamuzu Banda anaimitsa ntchito yolemba anthuyo. Patapita zaka zingapo inayambiranso pansi pa bungwe la TEBA, lomwe anthu ankalitchula kuti Theba, mpaka inatheratu mu 1988. Bungwe linapita, koma tsiku ndi tsiku makondakitala amafuula dzina lake, ndipo ana obadwa dzulo amalidziwa ngati malo okwerera basi.

Njerwa za pa Mishoni

Kuchoka padepotipo kulowera msewu wa ku Chileka, posakhalitsa munthu amafika pa Mishoni, pomwe mzinda wonsewu unaphukira. Mu 1876 Henry Henderson wa mpingo wa Church of Scotland anafika m'dera la mfumu Kapeni akufunafuna malo omangapo mishoni. Womutsogolera njira ndi kumumasulira zolankhula anali Tom Bokwito, mwana wa konkuno yemwe anapulumutsidwa m'manja mwa ogula akapolo ali wamng'ono, n'kukaphunzira ku Lovedale. Malo atapezeka anawatcha Blantyre, dzina la tauni ya ku Scotland komwe David Livingstone anabadwira mu 1813. Lero Henderson ali ndi msewu pakati pa tauni komanso sukulu ya HHI. Wofuna kukumana ndi dzina la Bokwito amayenera kutsegula mabuku a mbiri.

Tchalitchi cha St Michael and All Angels chimaimitsa aliyense wodutsa, ngakhale amene sapemphera CCAP. Chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi mbusa David Clement Scott, munthu yemwe sanaphunzirepo ntchito yojambula mapulani a nyumba. Njerwa zake, zamaonekedwe osiyanasiyana, zinaumbidwa ndi kuotchedwa pomwepo ndi anthu a kuno omwe anali asanamangepo chinyumba chotere. Zaka zoposa 130 zadutsa, mvula ya Ndirande yagwa ndi kukata, makoma akadali chilili. Scott yemweyo ndi amene anasonkhanitsa dikishonale yaikulu ya Chimang'anja yomwe inatuluka mu 1892, ndiye owerenga Chichewa ali naye ngongole pawiri. Koma woima pabwalo la tchalitchicho n'kuyang'ana mizere ya njerwayo amaona ntchito ya manja ambirimbiri, pamene dzina lotchulidwa limakhala limodzi.

Dziko litalandira ufulu, mayina ambiri a atsamunda anachotsedwa. Fort Johnston inasanduka Mangochi, Port Herald inakhala Nsanje, Fort Manning inakhala Mchinji, Fort Hill inakhala Chitipa. Kwa anansi nakonso zinatero: Fort Jameson ndi Chipata, Lourenço Marques ndi Maputo, Salisbury ndi Harare. Blantyre sinakhudzidwe. Kamuzu, yemwe anali mkulu wa mpingo wa Church of Scotland, ankawaika amishoni a ku Scotland m'gulu losiyana ndi la asilikali ndi abwanamkubwa. Komabe m'kamwa mwa anthu dzina la Kabula silinafe. Limamveka m'nyimbo, pawailesi ndi m'macheza, popanda lamulo lililonse lolichirikiza.

Mfumukazi, bwanamkubwa ndi mfumu ya ku Ethiopia

Pa raundabauti ya Clock Tower misewu imagawikana, ndipo wolowa m'tauni amalandiridwa ndi mayina a anthu omwe sanakhalepo pamphasa imodzi. Victoria Avenue ikukumbutsa mfumukazi ya ku Britain yomwe inkalamulira pamene dziko lino linkaikidwa pansi pa ulamuliro wa Angerezi mu 1891. Mumsewu womwewo muli holo yakale ya tauni, yomangidwa mu 1903 pomukumbukira. Glyn Jones Road ndi ya bwanamkubwa womaliza wa Nyasaland, yemwe anagwirizana bwino ndi Kamuzu, n'kukhalabe m'dziko muno moimira mfumukazi Elizabeth mpaka Malawi atakhala lipabuliki pa 6 Julayi 1966. Haile Selassie Road inabwera ndi mlendo: mfumu ya ku Ethiopia inacheza m'dziko muno mu 1965, nthawi yomwe Addis Ababa inali likulu la umodzi wa mayiko a mu Africa omwe anali atangomasuka. Hannover Avenue ndi chipatso cha ubale wa Blantyre ndi mzinda wa Hannover ku Germany, womwe unayamba mu 1968.

Dzina lililonse pamenepa likusonyeza amene anali bwenzi la olamulira panthawi yomwe chikwangwani chinkalembedwa. Chitsanzo choonekeratu chili chakumunsi, kufupi ndi Mandala, komwe kuli Kaohsiung Road. Kaohsiung ndi mzinda wa ku Taiwan, dziko lomwe Malawi anali nalo paubwenzi kwa zaka zoposa 40. Kumapeto kwa 2007 boma la Bingu wa Mutharika linasiya Taiwan n'kugwirana chanza ndi China. Akazembe anapakira katundu, koma msewu unatsala ndi dzina lake.

Malo ena odziwika m'mbiri amangooneka ngati khomo wamba la bizinesi. Pakhomo pa hotela ya Ryall's, mu Januwale 1960, panasonkhana khamu la anthu onyamula zikwangwani pamene nduna yaikulu ya Britain, Harold Macmillan, inkadya nkhomaliro mkati. Ankafuna kuti Kamuzu, yemwe anamangidwa pa 3 Malichi 1959 n'kutsekeredwa ku Gweru, atulutsidwe. Apolisi analimbana ndi khamulo atolankhani a ku London akuona, ndipo nkhani inadzaza manyuzipepala a kwawo. Patangopita masiku ochepa Macmillan anakalankhula ku Cape Town mawu ake otchuka ovomereza kuti ulamuliro wa atsamunda mu Africa ukutha, ndipo pa 1 Epulo chaka chomwecho Kamuzu anatuluka m'ndende.

Ndale za masiku ano nazo zili poyera kwa woyenda pansi. Pamakoma a nyumba zina zakale pamaoneka nyenyezi yofiira, chizindikiro choti akuluakulu a mzinda analamula kuti nyumbayo ikonzedwe kapena igwetsedwe. Zina mwa nyumbazo zakhala ndi nyenyezi yawo zaka zambiri, malonda akuyenda mkati. M'makhonde a mashopu muli mavenda a zovala za kaunjika, nthochi, machaja a foni ndi mankhwala a makoswe. Mu 2006 boma linawasesa onse m'misewu pa ntchito yomwe inatchedwa Dongosolo, misewu inayera, koma pang'onopang'ono anabwerera, chifukwa njala ya kunyumba siyembekeza kuti msika watsopano umangidwe. Chisankho chikayandikira, mitengo ya magetsi imavala mbendera: yabuluu ya DPP, yachikasu ya UDF, ya tambala wakuda ya MCP, yofiira ya UTM. Mbendera imene yachuluka pamphambano imauza mlendo kuti dera limenelo anyamata ake ndi a chipani chiti.

Chipewa cha Chilembwe

Kuwoloka mtsinje wa Mudi n'kukwera pang'ono, munthu amafika pa Mandala House, nyumba yosanja yomangidwa mu 1882, yomwe imadziwika kuti ndi yakale kuposa nyumba zonse zachizungu zomwe zidakalipo m'dziko muno. Inali likulu la kampani ya African Lakes, yoyendetsedwa ndi abale awiri, John ndi Frederick Moir. Dzina la Mandala anapereka ndi anthu a kuno poona magalasi a m'maso a John Moir, ndipo linakula mpaka kuphimba dzina la kampani, n'kukhala la dera lonse.

Kuno n'kumene John Chilembwe anatumiza gulu la anthu ake mu Januwale 1915 kuti akalande mfuti ndi zipolopolo m'nyumba yosungiramo zida ya kampaniyo. Anapezako mfuti zochepa chabe alonda asanadzidzimuke. Kuukira atsamunda komwe iye anayambitsa pa 23 Januwale kunazimitsidwa m'masiku owerengeka. Chilembwe anaphedwa pa 3 Febuluwale, tchalitchi chake cha njerwa ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, chinagumulidwa, ndipo omutsatira ambiri ananyongedwa kapena kuomberedwa. Mmodzi mwa iwo anali John Gray Kufa, wothandiza madokotala yemwe anaphunzitsidwa pa Mishoni pomwe paja.

Chilembwe ali ndi msewu m'tauni ya Blantyre, ali ndi tsiku lake pa 15 Januwale, ndipo nkhope yake ili pa K500 ndi K2,000. Koma chiboliboli chake chomwe dziko lonse lapansi linachiona chinaima kutali, ku Trafalgar Square mumzinda wa London, kuyambira mu Seputembala 2022 mpaka 2024. Anachipanga ndi Samson Kambalu, Mmalawi wophunzitsa zaluso ku yunivesite ya Oxford, potengera chithunzi cha mu 1914 chomwe Chilembwe anajambulitsa ndi mmishonale John Chorley kutsogolo kwa tchalitchi chake chatsopano. Pachithunzipo Chilembwe wavala chipewa, m'nthawi yomwe munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa akakumana ndi mzungu. Kambalu anamukuza Chilembwe msinkhu kuposa Chorley kutalitali, kuti amene mbiri ya atsamunda inamuchepetsa aoneke poyamba. Amalawi okhala ku Britain ankapita kukajambulitsa pamenepo ndi ana awo, ndipo kwawo kuno ambiri anafunsa chifukwa chake chinthu chotere chikuima ku London mmalo mwa Blantyre kapena Chiradzulu.

Mlandu wa pa Ginnery Corner

Funso limeneli silinali lachilendo, chifukwa linali litaphulika kale zaka zinayi m'mbuyomo pa Ginnery Corner. Malowa anatenga dzina ku fakitale yochotsa njere m'thonje, ndipo lero ndi amodzi mwa malo opiringana kwambiri mumzindawu. Apa pali chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chomwe chinatsegulidwa mu 1958, chomwe akuluakulu ambiri amangochitchula kuti ku Gulupu. Chapafupi pali sukulu ya udokotala komanso yomwe inali Polytechnic, lero MUBAS. Odwala, owadikirira, ophunzira, ogulitsa zipatso ndi magalimoto a maliro, onse amadutsa pamphambano imeneyi. Ndipo msewu womwe umapatuka apa kudutsa kuchipatala ndi Mahatma Gandhi Road, dzina lomwe lakhalapo zaka zambiri popanda wokangana nalo.

Mu 2018 amisiri anayamba kumanga tsinde la simenti pafupi ndi mphambanoyo. Zinadziwika kuti pakhala chiboliboli cha Mahatma Gandhi, mogwirizana ndi lonjezo la boma la India loti limanga malo ochitirako misonkhano ikuluikulu mu Blantyre, a ndalama zokwana madola 10 miliyoni a ku America. India inkakonzekera kukumbukira kuti patha zaka 150 chibadwire Gandhi mu 1869, ndipo wachiwiri kwa mtsogoleri wa dzikolo, Venkaiah Naidu, ankayembekezeka kufika m'dziko muno kumayambiriro kwa Novembala.

Achinyamata ena anakana. Anayambitsa gulu lotchedwa Gandhi Must Fall, potengera ophunzira a ku yunivesite ya Cape Town omwe anachititsa kuti chiboliboli cha Cecil Rhodes chichotsedwe mu Epulo 2015. Kalata yawo yodandaula inasainidwa ndi anthu oposa 3,000 pa intaneti. Mfundo zawo zinali ziwiri. Yoyamba inali yakuti Gandhi, m'zaka zomwe anakhala ku South Africa kuyambira 1893 mpaka 1914, analemba zinthu zonyoza anthu akuda, akugwiritsa ntchito mawu achipongwe omwe azungu a kumeneko ankatukwanira eni dziko, ndipo nkhondo yake panthawiyo inali yoti Amwenye asaikidwe mumtanga umodzi ndi akuda. Zolembazo zilipo, zinasindikizidwa m'mabuku osonkhanitsa zolemba zake. Yachiwiri inali yakuti Gandhi sanachitepo kanthu kokhudza Malawi mwachindunji, pamene anthu omwe anavutikira dziko lino alipo ambiri oti n'kuimikidwa pamalo otero.

A boma anaikira kumbuyo chibolibolicho. Anati Gandhi amalemekezedwa padziko lonse chifukwa cholimbana ndi utsamunda popanda chiwawa, ndipo njira yakeyo inalimbikitsa omenyera ufulu ambiri. Zimenezi n'zoona: Martin Luther King ku America ndi Kenneth Kaunda ku Zambia anavomereza poyera kuti anaphunzira kwa iye, ndipo Nelson Mandela ankamutchula mwaulemu. Olemba mbiri ena amati Gandhi wachinyamata wa ku Durban anali wosiyana maganizo ndi Gandhi wokalamba yemwe anatsogolera India ku ufulu mu 1947. Munthu mmodzi angathe kukhala ndi mbiri ziwiri zonsezi, ndipo buku limatha kuzifotokoza bwinobwino. Chiboliboli sichifotokoza. Chimangoimika munthu pamwamba kuti odutsa amuyang'ane chokweza mutu.

Awiri mwa otsogolera gululo, Pemphero Mphande ndi Mkotama Katenga-Kaunda, anakamang'ala ku bwalo lalikulu la milandu, ndipo kumapeto kwa Okutobala 2018 woweruza Michael Tembo anapereka chiletso choimitsa ntchitoyo. Mlendo wa ku India anabwera n'kubwerera chiboliboli chisanaime. Mu Disembala chaka chomwecho yunivesite ya Ghana inachotsa chiboliboli cha Gandhi chomwe chinaimikidwa kumeneko mu 2016, aphunzitsi ndi ophunzira atadandaula pa zifukwa zofanana. Kuno, chiboliboli cha Gandhi chinadzavundukulidwa mu 2020 ku Lilongwe, mkati mwa mpanda wa ofesi ya kazembe wa India.

Nkhaniyi siyenera kusanduka chida chodera Amalawi ochokera ku India, omwe makolo awo ena anafika kuno zaka zoposa 100 zapitazo, ndipo nawonso analawa nkhanza za boma pamene Kamuzu anawachotsa m'madera a kumidzi m'zaka za m'ma 1970 n'kuwalamula kuchita malonda m'matauni akuluakulu mokha. Pakati penipeni pa mkanganowo panali china: anthu a mu Blantyre anadzuka n'kupeza simenti ikuthiridwa pamphambano yawo, zonse zitakambidwa kale m'maofesi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo malo odutsa anthu zikwizikwi patsiku sangagawidwe ngati munda wa munthu mmodzi.

Msewu wosintha dzina

Kuchoka pa Ginnery Corner kulunjika ku Limbe, msewu waukulu womwe makondakitala amangouti Highway uli ndi mbiri yakeyake. Kwa zaka zambiri unali Kamuzu Highway, ndipo Ngwazi ikamadutsa kuchokera ku Sanjika magalimoto onse ankaima. Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994, unapatsidwa dzina la Henry Masauko Chipembere, mmodzi mwa achinyamata omwe anaitana Kamuzu kuti abwerere kwawo mu 1958. Chipembere anasemphana ndi Kamuzu pa mkangano wa nduna wa mu Seputembala 1964, anayesa kulanda boma ndi zida mu Febuluwale 1965 kuchokera ku Mangochi, analephera pa doko la Liwonde, ndipo anamwalira ali kobisala ku America mu 1975. Kwa zaka pafupifupi 30 kutchula dzina lake pagulu kunali kudziitanira ndende. Lero lili pamsewu waukulu kuposa yonse mumzindawu.

Ku Chichiri msewuwo umafika pa chipilala cha ufulu, chokumbukira 6 Julayi 1964. Chapafupi pali bwalo la masewero pomwe mbendera ya Britain inatsitsidwa pakati pa usiku wolowera tsikulo, Prince Philip akuonerera. Bwaloli lasintha mayina ngati mwana wodwaladwala. Poyamba linali Rangeley, dzina la mkulu wina wa boma la atsamunda. Kenako linakhala Kamuzu. Boma la Bakili Muluzi linalitcha Chichiri, monga linachotseranso dzina la Kamuzu pa bwalo la ndege ndi chipatala chachikulu ku Lilongwe. Bingu atalowa mu 2004 anabwezeretsa mayina onsewo. Ngakhale timu yomwe imadzaza bwaloli inalawako zimenezi: Bullets, yomwe inatchukira dzina la Bata, inakhalapo Bakili Bullets pamene mtsogoleriyo ankaithandiza ndi ndalama.

Bingu sanalekere pa mayina. Mu 2006 anatsegula chinyumba cha pamanda a Kamuzu ku Lilongwe, ndipo mu 2009, chaka cha chisankho, anavundukula chiboliboli cha Ngwazi itanyamula litchowa lake pafupi ndi nsanja yokumbukira asilikali ku Area 18. Kulemekeza Kamuzu kunali ndi phindu landale m'chigawo chapakati, komwe MCP ili ndi mizu. Mu 2010 anasintha mbendera ya dziko, kuchotsa dzuwa lofiira lotuluka n'kuikapo loyera lathunthu, koma iye atamwalira mu 2012 aphungu anabwezeretsa yakale. Chiboliboli cha Bingu mwiniwake, chomwe chinaimikidwa ku Nyumba ya Malamulo mng'ono wake Peter Mutharika akulamulira, chinautsa mkangano mu 2019 anthu ambiri atanena kuti nkhope yake sikufanana ndi ya malemuyo.

Khomo la khonsolo

Ulendowu umathera bwino pa Civic Centre, likulu la khonsolo ya mzinda, kufupi ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Chichiri yomwe pabwalo pake pali sitima yakale yoyendera nthunzi. Misika, zinyalala, mapaki, misewu ya m'malokeshoni ndi mapulani a zomangamanga, zonsezi zimadutsa m'maofesi amenewa. Blantyre ili ndi khonsolo kuyambira 1895, ndipo inaphatikizidwa ndi Limbe mu 1956. Kunena za msinkhu, ndi nkhalamba pakati pa makhonsolo a m'chigawo chino cha Africa.

Mphamvu zake ndiye zakhala zikudulidwadulidwa. Makhansala omwe anasankhidwa mu 2000 anamaliza nthawi yawo mu 2005, ndipo chisankho china sichinachitike mpaka pa 20 Meyi 2014. Kwa zaka zisanu ndi zinayi mizinda ndi maboma onse a m'dziko muno ankayendetsedwa ndi olembedwa ntchito okha, popanda munthu wosankhidwa woti nzika ya ku Bangwe kapena ku Chilomoni n'kukamugogodera pakhomo. Kusintha kwa lamulo la maboma ang'ono mu 2010 kunapatsa aphungu a Nyumba ya Malamulo mphamvu yovota m'makhonsolo, ndiponso kunapatsa nduna mphamvu yosankha mkulu woyendetsa ntchito za khonsolo. Meya savoteredwa ndi anthu onse a mumzinda, amasankhidwa ndi anzake a m'khonsolo momwemo. Choncho nkhani ikachokera ku Capital Hill itamangidwa kale, monga inachitira ya pa Ginnery Corner, khonsolo imakhala ndi mpata wochepa wokana, ndipo nzika zimathamangira kukhoti chifukwa khomo lapafupi silinatseguke.

Khomolo likanatseguka, mayina oti akambidwe sakanasowa. James Frederick Sangala anayambitsa Nyasaland African Congress mumzinda womwe uno mu 1944, pamodzi ndi Levi Mumba. Rose Chibambo anasonkhanitsa amayi pa nkhondo yokana chitaganya, n'kumangidwa mu 1959 ali ndi khanda. Vera Chirwa, loya woyamba wamkazi m'dziko muno, anakhala m'ndende zaka zoposa 10, ndipo mwamuna wake Orton anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Pakati pa tauni, mayina a amayi omwe amabwera msanga m'mutu ndi Victoria ndi Elizabeth, onse mafumukazi a ku Britain. Palinso ogwira ntchito m'mafakitale ndi anthu wamba omwe anaomberedwa m'misewu ya Blantyre ndi Limbe mu Meyi 1992, patangopita miyezi iwiri maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo yodzudzula boma. Palinso mabanja a ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche omwe anakwiriridwa ndi matope a namondwe Freddy mu Malichi 2023. Anthu wamba otere ndiwo eni mzinda amene ayenera kufunsidwa poyamba, kudzera kwa makhansala awo, kumsonkhano wa m'dera, simenti isanasakanizidwe.

Dzuwa likamalowa kuseri kwa Michiru, woyenda uja miyendo yatopa, ndipo amaima pasiteji ya Chichiri kudikira minibasi yobwerera. M'thumba mwake muli anthu omwe sanawapeze pamphambano: Inkosi M'mbelwa II pa K20, Inkosi Gomani II pa K50, Sangala pa K100, Rose Chibambo pa K200, Chilembwe pa K500, Kamuzu pa K1,000. Ndalamazo zafwifwa ndi thukuta la m'misika. Kondakitala amazilandira, kuzipinda pakati pa zala, n'kutulutsa mutu pawindo kuitana okwera a ku Queens, Ginnery ndi Wenela.